Nkhuku za ku Nathenje ndi foni ya mu dilowa

Yamikani, iwe ndi mlongo wako Tadala mwandifunsa kangapo chifukwa chake a Zimba, oyandikana nafe kuno ku Nathenje, amayankha moni wanga akuyang'ana kumbali. Amayi anu amati ndizisiye, zinapita. Koma sindikufuna kuti nkhaniyi mudzaimvere pamsika ine nditapita, chifukwa kumeneko adzakuuzani kuti bambo anu analetsa kandege ka mankhwala, ndipo mpongozi wa a Zimba anafera zomwezo. Kuletsako ndinaletsadi ndine, sindikana. Mumve kaye mmene ndinafikira pamenepo.

Chaka choyamba pa tawa

Ntchito yolondolera ndege ndinaiyamba ndisanakwatire. Tawa ndi kanyumba kagalasi kaja kamene kamakhala pamwamba pa nsanja pabwalo la ndege, ndipo bwana wanga woyamba mmenemo anali a Nyirenda, munthu wamfupi, wosaseka, wokonda tiyi wopanda shuga. Ndege iliyonse imene tinkalankhula nayo inkakhala ndi kapepala kake, kotalika ngati supuni, kamene timati sitiripi. Pamenepo umalemba dzina la ndege, kutalika kumene ikuuluka ndi nthawi, n'kukaika pabolodi patsogolo pako. Kamachoka pokhapokha ndegeyo itatera kapena utaipereka kwa anzako a bwalo lina. Tsiku lina kandege kophunzitsira kankazungulira bwalo, ine n'kuchita ulesi kulemba, poti ndinkakaona bwinobwino pagalasi.

"Mbewe, kandege kaja kali kuti?" anafunsa a Nyirenda.

"Ako apo, bwana, kakuoneka."

"Sindinafunse maso ako. Ndafunsa pabolodi. Mutu ukakupweteka pompano n'kutuluka, wobwera pampando wakowo aona ndi maso a ndani?"

Anandichotsa pampando sabata yathunthu, ndikungodula mapepala. Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kusakhulupirira chilichonse, kaya ndi mawu a woyendetsa ndege asanawabwereze, kaya ndi maso anga omwe. Amayi anu amati khalidwe limeneli ndinabwera nalo mpaka kunyumba, ndipo sanama. Mukukumbukira mmene ndinkakufunsirani kawiri ngati mwatsekadi mpopi.

Zaka za pakati

Ananditumiza ku bwalo laling'ono la kumpoto, kumene ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Ndege zinkabwera ziwiri pa sabata, mbuzi tsiku lililonse. Batire la wailesi tinkalisamala kuposa ana, ndipo masitiripi akatha tinkadula makalendala akale. Komabe ndege iliyonse inkalembedwa, ngakhale kuseri kwa chithunzi cha kampani ya feteleza. Nditabwerera ku bwalo lalikulu anandikweza kukhala woyang'anira shifiti. Ndinkakhala m'nyumba ya kuntchito, amayi anu ali kuno ku Nathenje kulima ndi kuweta nkhuku, ine n'kumabwera kumapeto a sabata ndikapeza mpata. Ndinagwira zaka makumi atatu popanda kalata yondichenjeza ngakhale imodzi, ndipo ndinkanyada nazo kwambiri, mwina mopitirira muyeso.

Chilimwe cha chaka cha makumi atatu ndi chimodzi

Kunabwera bungwe lina ndi madironi, tindege topanda munthu mkati. Ankafuna kumanyamula mankhwala kuchokera ku Mitundu kupita ku kachipatala kaja ka kutsidya la mtsinje, kum'mawa kwa Nathenje, kumene amayi a kuno amakaberekera. Mankhwala ena, monga oletsa kutaya magazi pobereka, amafuna pozizira, ndipo filiji ya kumeneko inkangofaifa. Mkulu wa ntchitoyo anali a Makwinja, munthu wa suti yosita bwino, wolankhula mothyathyalika. Ndinangowaona akutsegula kompyuta mtima wanga n'kukana.

"Dironi yathu imadziwa yokha njira, bambo Mbewe. Siilakwitsa," anatero.

"Ine ndidzaiona bwanji?"

Apa anakhosomola kaye. Kandegeko ndi kakang'ono ndipo kamauluka m'munsi, pa rada yathu, makina oonera ndege zili kutali, sikankaoneka, wailesi kanalibe. Ndege zikuluzikulu sizinkandidetsa nkhawa, chifukwa podutsa Nathenje zimakhala zikadali m'mwamba kwambiri. Chimene chinkandivuta ndi ndege zing'onozing'ono ndi mahelikopita ochokera kum'mwera. M'dzinja mitambo ikatsika, oyendetsa ake amatsikira pansi pa mitamboyo n'kumatsata msewu wa tala wochokera ku Dedza, ndipo njira ya dironi inkadula msewu umenewo pa Nathenje penipeni. Tinagwirizana motere: isananyamuke aziimba foni ku tawa, ife tizilemba sitiripi n'kuchenjeza ndege zili pafupi, ikatera aziimbanso. Anatigulira kafoni kakuda, tinkangokatchula kuti foni ya dironi. Woimba anali Chisomo, mayi wa zaka ngati makumi atatu, amene ankaulutsa kandegeko. Ankabwereza mawu anga onse mosaphonya, ndipo ndinamukonda, chinthu chimene sichindichitikira kawirikawiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachita mwezi wachiwiri, chimene muyenera kuchisunga m'mutu. Masana, kuyambira cha m'ma leveni mpaka thu koloko, ndege zikuluzikulu zimabwera mothithikana. Tsiku lina kafoni kaja kanalira mnzanga wina ali pakati polankhula ndi ndege ziwiri, iye n'kusokoneza manambala. Ndinapsa mtima, ndinakatseka mawu, n'kukaponya mu dilowa ya tebulo. Ndinalamula kuti nthawi ya ndege zikuluzikulu kazikhala mmenemo. A ku Mitundu sindinawauze, m'buku sindinalembe. Ndinkati kandege kopanda anthu kangathe kudikira, ndipo posakhalitsa ndinaiwala kuti lamulolo linachokera pakamwa panga.

Mvula zoyamba

Loweruka lina nditafika kuno, amayi anu anandilandira ndi dandaulo ndisanavule nsapato.

"Kandege kanu kandithera anapiye. Kakamadutsa, nkhuku zimayesa ndi kabawi, make kuthawira pansi pa nkhokwe, anapiye balala. Lachiwiri kadutsa kupita ndi kubwera, mmodzi wagwera m'dzenje la zinyalala."

"Lachiwiri sikanauluke," ndinatero. Ndinali pa ntchito tsiku lonse limenelo, ndipo sitiripi ya dironi sindinalembe.

"Ndiye kuti nkhuku zanga zanama?"

Ndinawafunsa ngati sanasokoneze masiku. Anati Lachiwiri ndi tsiku la kwaya, anali atavala kale yunifolomu pamene ankavuula mwanapiyeyo. Kenako ndinawapempha kuti kandegeko kakamadutsa azindifulasha, kungoimba kamodzi n'kudula. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zaka makumi atatu simunandipempheko kuti ndizikufulashani. Lero mwafatsa chifukwa cha kandege."

Choncho rada yanga ya ku Nathenje inakhala nkhuku za amayi anu. Foni yanga ndinkaisunga m'thumba la malaya, ngakhale malamulo a mu tawa salola. Ikanjenjemera kamodzi ndinkayang'ana pabolodi. Nthawi zambiri sitiripi inkakhalapo, mtima n'kukhala pansi. Koma m'masabata atatu inanjenjemera kasanu pabolodi palibe kanthu. Ndinaimbira a Makwinja, osawauza za nkhuku, kungopempha mndandanda wa maulendo awo onse. Anautumiza tsiku lomwelo, wooneka bwino, wofanana ndendende ndi masitiripi anga. Maulendo asanu aja munalibe. Apa ndinadziwa kuti wina akundiphimba m'maso, ndipo mutu wanga unayamba kuthamanga. Ndinaganiza kuti akujambula minda ya anthu kuti agulitse zithunzi kwa ogula fodya. Ndinaganiza kuti akuonetsera alendo awo. Ndinaganizanso za chamba, musandiseke. Ndinaona kuti maulendo obisikawo onse anali a masana, ndipo ndinati ndawagwira: akusankha dala nthawi imene ife tatanganidwa. Ndinakayikira aliyense, mpaka mnzanga wina wa mu tawa amene mkazi wake kwawo ndi ku Malingunde, kufupi ndi Mitundu, ndikuyesa kuti akugwirizana nawo. Dilowa ija sinandibwerere m'maganizo ngakhale kamodzi. Ndinaganiza zodikira kuti umboni uchuluke, ndiwaphulitse bwino, ndipo kudikira kumeneko kunali kulakwa kwanga kwachiwiri.

Lachinayi la mitambo

Kunacha mitambo ili pansi, mvula ikuwaza. Cha m'ma thwelofu ndege yaing'ono yochokera kum'mwera, yonyamula anthu anayi, inandiitana pa wailesi. Woyendetsa anati watsikira pansi pa mitambo, akutsata msewu, wadutsa mtsinje wa Diamphwe, ndipo anafunsa ngati kuli china m'njira mwake. Ndinayang'ana pabolodi. Ndinamuyankha kuti palibe chimene ndikuchidziwa. Patapita mphindi zochepa foni ya m'thumba inanjenjemera kamodzi n'kusiya. Ndisanadinde n'komwe batani la wailesi, mawu ake anamveka, okwera kuposa poyamba: chinthu choyera chadutsa pansi pa phiko lake lakumanzere, pafupi moti waona kabokosi kofiira kumimba kwake.

Anatera bwino. Anakwera masitepe a tawa yekha, bambo wa imvi amene ndinali nditalankhula naye pa wailesi zaka zambiri osaonana maso. Tinamupatsa madzi. Sanakalipe.

"Bambo, munati palibe," anatero.

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndinawasandutsa mkwiyo wolunjika ku Mitundu.

Lachisanu, ku Mitundu

Ndinakwera minibasi ziwiri osauza munthu. Malo awo anali kuseri kwa msika, kontena imodzi ndi kabwalo kotchingidwa ndi waya, madironi awiri atagona pa matebulo. A Makwinja anatuluka akumwetulira, manja onse awiri kutsogolo. Ndinati ndikufuna Chisomo payekha. Tinakhala pa benchi kuseri kwa kontena, ndipo ndinamuwerengera masiku onse asanu ndi awiri, kuphatikizapo Lachiwiri lija ndi dzulo lake, ndi nthawi zake. Ndinkayembekeza kuti akana. Sanakane. Anatulutsa foni yake, n'kutsegula pamene pamaoneka manambala oimbidwa, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ndinaimba, bambo."

Dzulo lake anali ataimba foni ya dironi kasanu ndi kamodzi. Lachiwiri la mwanapiye lija, kanayi. Tsiku lililonse limene ndinamuwerengera linalipo, mafoni osayankhidwa atandandalikana, onse a pakati pa leveni ndi thu koloko. Ndinaiona dilowa ija ngati ili patsogolo panga.

"Tsiku loyamba ndinadikira mphindi makumi anayi," anapitiriza. "Anesi a kutsidya ankaimba mobwerezabwereza, mayi akutaya magazi, mankhwala awo aonongeka ndi kutentha. Pomaliza ankangolira. Ndinatuluka panja, ndinayang'ana kumwamba, kunalibe kanthu, ndinaulutsa dironi. Mayiyo anachira. Kachiwiri sikanandivute ngati koyamba. Dzulo ndinayang'ananso kumwamba, koma kunali mitambo."

"Bwanji osandiuza kuti foni siikuyankhidwa?"

"Ndinauza a Makwinja. Anati tisadandaule, a ku tawa satifuna kale, tikawakwiyitsa atitsekera. Nambala ina simunatipatse, bambo. Ndipo kunena zoona, ndinkakuopani."

A Makwinja, amene ankamvera pakona, anabwera n'kukhala pambali panga ngati ndife abale. Anavomera kuti maulendo aja anawachotsa pa mndandanda ndi iwo. Kenako anatsitsa mawu.

"Bambo Mbewe, tonse talakwa, inu ndi ife. Tulutsani foniyo mu dilowa, nkhani yatha. Zoyera m'mwamba muno n'zambiri, akakowa ali mbwee m'madambomu. Mulembe kuti inali mbalame. Mwatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti mupume ndi dzina loyera. Mukalemba zoona atitsekera dzinja lonse, ndipo amene avutike si inu kapena ine. Ndi amayi a kwanu komwe."

Ana anga, musaganize kuti ndinadzuka pa benchipo mokwiya ngati munthu wolungama. Ndinakhala nthawi yaitali, chifukwa zimene ankanenazo zikanatheka. Kabokosi kofiira kanaonedwa ndi munthu mmodzi, kwa kanthawi kochepa, mvula ikuwaza. Mu minibasi pobwerera ndinalemba lipoti la mbalame m'mutu mwanga mpaka kumapeto, ndipo linkamveka bwino. Chinandiletsa n'chakuti Lolemba ndinayenera kukhalanso pampando uja, woyendetsa wina n'kundifunsa ngati kuli china m'njira mwake. Ndikanamuyankha potengera mawu a ndani? A Makwinja anali atandipatsa kale mndandanda wabodza nkhope ili gwa. Chisomo anali atazolowera kuyang'ana kumwamba ndi maso. Ine ndemwe ndinali nditabisa foni n'kuiwala. Pa anthu atatufe panalibe woti n'kumukhulupirira, ndipo ndinkatsala miyezi yochepa kuti ndisiyire bolodi limenelo munthu wosadziwa chilichonse cha zimenezi.

Ndinalemba lipoti Loweruka m'mawa. Ndime yoyamba inali ya dilowa, ndi dzina langa. Yachiwiri inali ya masabata atatu amene ndinadziwa n'kukhala chete. Pomaliza ndinapempha kuti madironi aime mpaka papezeke njira yodalirika. Akuluakulu anawaimitsa Lolemba lomwelo. Chisomo anamulanda chiphaso choulutsira dironi kwa kanthawi, a Makwinja anawasamutsa, ine ndinalandira kalata yondichenjeza n'kuchotsedwa mu tawa kupita ku ofesi ya mafayilo. Ndinkaganiza kuti kufufuzako kutenga masabata awiri. Kunatenga dzinja lonse. Ndinkagogoda m'maofesi sabata iliyonse mpaka masekilitale anayamba kundibisalira, koma komiti inkadikira munthu wina amene anali ku msonkhano kunja.

Mwezi wa Febuluwale

Esinati, mkazi wa Lameki mwana wa a Zimba, mukumukumbukira, ankatithandiza kukolola mtedza. Anapita kukadikirira ku kachipatala ka kutsidya, ndipo anabereka mwana wamkazi m'mawa wina mvula itagwa masiku atatu. Magazi sanasiye. Mankhwala aja analibe abwino, filiji inali itafanso. Ambulansi inafika pamtsinje n'kulephera kuoloka. Anamunyamula pa ngolo kuti akakumane nayo pa mlatho wa kumtunda, ndipo anamwalira ali m'njira dzuwa lisanapendeke. Anesi anauza amayi anu pambuyo pake kuti sakudziwa ngati mankhwala okhawo akanamupulumutsa, poti magazi anatayika ambiri msanga. Amayi anu anandiuza zimenezi kuti mtima wanga upepuke. Sunapepuke, ndipo sindifuna kubisala kuseri kwa mawu amenewo. Kuchokera ku Mitundu kandege kaja kankafika mphindi zosakwana makumi atatu.

Ku maliro ndinapita. Amayi anu anati mwina ndingotumiza chipepeso, ine ndinakana. Ndinakhala pakati pa amuna pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe anandithamangitsa kapena kundinena. Anangondisiyira malo okulirapo kuposa a anthu ena. Titabwerako kumanda, tikusamba m'manja, Lameki anabwera n'kuima pafupi nane. Ndinagwira chipewa ndi manja awiri, ndikudikira chilichonse chimene akananena.

"Bambo, ndege ija munkaitetezayo inali ndi anthu angati?"

"Anayi."

"Anafika bwino?"

"Anafika."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa njira.

"Chabwino," anatero, n'kupita kukalandira alendo ena.

Ndikanakonda akanandimenya. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandifunsa moona kapena ankandiweruza, ndipo ine wokayikira aliyense sindinalimbe mtima kumufunsa.

Chaka chachinayi chipumire

Madironi anayambiranso titakolola, ine nditatsala sabata zitatu kuti nditsanzike. Tsopano mu tawa muli munthu wokhalira foni imeneyo basi, manambala alipo awiri, ndipo kandegeko anakaika kachipangizo kokaonetsa pa sikirini ya wolondolera. Zinthu zitatu zonsezi zinachokera m'ndime yomaliza ya lipoti langa, koma sindinyada nazo, chifukwa zikanatheka kuyambira tsiku loyamba ndikanafunsa m'malo mokayikira. Chisomo anabwezeredwa chiphaso, pano akuphunzitsa anzake. Anabwera kuno chaka chatha ndi nkhuku yoyera, akuti ikalowe m'malo mwa mwanapiye uja, amayi anu anaseka mpaka misozi. Mukandifunsa ngati ndingalembenso lipoti lomwelo, ndingalembe. Mukandifunsa ngati ndinachita bwino, ndikuuzani kuti funso limenelo ndimalisiyira a Zimba, ndipo akayang'ana kumbali ndimawapatsabe moni mawa lake.

Mwana wa Esinati dzina lake ndi Mphatso. Akuleredwa ndi agogo ake, koma mpanda wathu uli ndi pobowoka, ndiye amakhalira kuno kuthamangitsa nkhuku. Dzulo masana ndinali pakhonde ndikulemba zimenezi, nkhuku zinabalalika, ine n'kuyang'ana wotchi monga mwa chizolowezi. Mphatso anaima pakati pa bwalo, mutu chagada, akutsata kandege kaja ndi chala mpaka kanadutsa msewu wa tala.

"Agogo, kanyamula chiyani?"

"Mankhwala."

"A ndani?"

Ndinaika cholembera pansi.

"A amayi a mwana wina," ndinatero.